Dzenje la Nyambo ku Nansenjere

A Yotamu Kamtedza anapempha chinthu chimodzi chokha: malo apafupi ndi tauni pomwe munthu wosadziwa kuwedza angaponye mbedza n'kukola nsomba, ngakhale katemba.

Anapempha izi Lachisanu m'mawa, mwezi wa Julaye, pa resithausi ina ku Limbe. Anali bambo wamtali, imvi zili mbuu. Anabadwira ku Bulawayo komwe bambo awo anachona, ndipo anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma. Kuno anabwera ndi akazi awo, mayi Nangozo, kudzaona dziko la makolo, ndipo Lolemba anali oti abwerera.

"Nsomba ndi kunyanja, bwana," anatero a Makwinja, mwini resithausiyo. "Ndikupezerani galimoto, maola anayi mwafika."

"Maola anayi msana wanga sungalole," anayankha a Kamtedza. "Bambo anga ankati kuseri kwa mapiri ano kuli madzi, ankawedzako ali achichepere. Ine ndakalamba osagwirapo mbedza. Ndikufuna ndikole imodzi yokha m'madzi a kwawo."

"Musavutike nawo awa," anatero mayi Nangozo akuseka. "Nsomba yomwe amaidziwa ndi ya m'chitini."

Pa nthawiyi Elube, mtsikana wokolopa ndi kuchapa pa resithausipo, anali atagwada pakhonde ndi chikolopa chake. Elube anali wamanyazi kwambiri, moti alendo ena ankagona sabata yathunthu n'kuchoka osamva mawu ake. Koma m'mawa umenewo anali ataona kanthu. Polowa, a Kamtedza anayenda monyang'ama m'mphepete mwa khoma kuti asaponde pomwe iye anakolopa. Pa zaka ziwiri zomwe anagwira ntchito pamenepo, palibe mlendo anachitapo zotere.

"Kuli damu la Nansenjere," ananena akuyang'ana m'ndowa.

Anamva ndi mayi Nangozo okha. "Wati chiyani mwanawe? Kweza mawu, ife sitiluma."

Pang'onopang'ono, ngati munthu wotulutsa minga, Elube anafotokoza. Damulo lili cha ku msewu wa Midima, pa esiteti yakale yomwe inasiya kulima. Minibasi imakufikitsa pa siteji ya pachigayo, kenako uyende theka la ola. Muli matemba, makumba ndi milamba. Malemu bambo ake, a Sikelo, anali mlonda kumeneko, ndipo ankamutenga kukawedza akachoka kusukulu.

"Ndiye mawa utiperekeze," anatero a Kamtedza. A Makwinja anavomera, Elube n'kusowa pothawira.

Madzulo ake anadula nsungwi zitatu, namangirira twaini ndi mbedza. Anadulanso tizidutswa ta patapata wakale toti tiziyandama, munthu aziona nsomba ikadya nyambo. Anaphika mbatata za kamba. Zonse anakonza bwino. Chomwe anaiwala kuseri kwa chitseko ndi kakhasu kokumbira nyongolotsi, ndipo anakumbukira atatsika kale minibasi.

Kunali kozizira tsiku limenelo. Njira yopita ku Nansenjere imadutsa m'nkhalango ya bulugama, ndipo pomwe imayamba kutsetserekera kumadzi pali mkuyu waukulu. Patsinde pa mkuyuwo panali patakhala munthu. Chipewa chakale chinaphimba nkhope yake, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Miyendo yake inali ndi dothi lofiira. Elube anadabwa, chifukwa dothi la kumeneko ndi lakuda bii. Lofiira umalipeza ukakumba mozama. Pamiyendo pake munthuyo anagonekapo kakhasu ka mpini wosalala.

"Zikomo, agogo," anatero Elube.

Munthuyo anangogwedeza mutu. Manja ake anali kunjenjemera ngati wagona panja. Elube anatsitsa dengu, naika mbatata ziwiri pa kambale kake kachitsulo, n'kugwada popereka. Munthuyo analandira ndi manja awiri. Zala zake zitakhudza za Elube, zinali zozizira ngati mwala wa mumtsinje. Kenako, asanapemphedwe n'komwe, anakankhira kakhasu kaja kwa iye.

"Ukatha, ubweze pano," anatero. Mawu ake anali apansipansi, ngati ochokera m'mtsuko. "Bambo ako ankakwirira bwino. Sanasiyepo dzenje ndi limodzi lomwe."

Elube anathokoza, naimirira. Bambo ake anali atamwalira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo.

Atayenda pang'ono, mayi Nangozo anasendera kufupi. "Ukumudziwa munthu uja?"

"Ayi, mayi."

"Kuzizira konseku, tonse tikayankhula mkamwa mukutuluka nthunzi. Iye uja osatuluka kanthu."

"Nangozo, siya za anthu," anatero a Kamtedza. "Munthu watibwereka khasu, iwe ukumuwerenga mpweya?"

Tsono imvani chomwe Elube ankadziwa koma sananene. Damulo lisanamangidwe, pamalopo panali mudzi ndi manda ake. Mudzi unasamutsidwa, koma manda sasamuka. Madzi anangowaphimba, ena n'kutsala m'mphepete, pansi pa bango ndi nsenjere. Ndipo anthu a kumeneko amati manda sagona opanda mwini. Adzukulu akakumba, maliro n'kulephereka tsiku limenelo, amagonekamo thunthu la nthochi n'kukwirira, chifukwa dzenje losiyidwa kukamwa kuli yasa limadzifunira lokha munthu. N'chifukwa chake ku Nansenjere aliyense wokumba nyongolotsi amakwirira dzenje lake dzuwa lisanalowe, lingachepe bwanji, n'kupondaponda ndi phazi. A Sikelo ankati ichi ndiye choyamba kuuza mlendo, mbedza pambuyo.

Elube anatsegula pakamwa kawiri ali m'njira. Koma akayang'ana jekete la a Kamtedza ndi magalasi a mayi Nangozo, mawu ankabwerera kukhosi. Anthu oyenda maiko, ophunzira, angamuseke kuti mtsikana wa folomu folo akukhulupirira zakumudzi. Anadziuza kuti palibe vuto: akumba yekha, akwirira yekha, alendowo sagwira khasu.

Anaterodi. Anakumba pachinyontho, nadzaza chitini ndi nyongolotsi, nakwirira n'kupondaponda. Kenako anayamba kuphunzitsa.

"Muitunge chonchi, bambo, mutu wa mbedza usaoneke. Poponya musagwiritse mphamvu."

A Kamtedza anavula nsapato kuti aime bwino m'matope, naziika pamwala. Anakweza nsungwi ngati akukwapula ng'ombe, mbedza n'kuuluka chammbuyo, kukakola duku la akazi awo.

"Mwakola!" anafuula mayi Nangozo. "Mwakola chinsomba cha makilo makumi asanu ndi atatu! Kokani tione ngati mungachithe!"

Elube anaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Pofika masana mayi Nangozo anali atakola matemba awiri ndi makumba atatu, ndipo nsomba iliyonse ankaizungulitsa pamphuno pa amuna awo. A Kamtedza analibe ndi imodzi yomwe. Ankakoka mochedwa, nsomba zitadya kale.

"Awa sanabwere kudzawedza, abwera kudzadyetsa ana amasiye," anatero mayi Nangozo.

Kenako twaini ya mayiwo inakodwa m'bango chapatali, ndipo Elube anapita nawo kukaikodola. Inatenga nthawi. Pobwerera anapeza chitini cha a Kamtedza, chomwe anachisiya chitatsala pang'ono kutha, chitadzaza nyongolotsi. Kakhasu kanali pambali, dothi lake lili lonyowa.

"Ndaona kuti watanganidwa, mwanangu, ndiye ndakumba ndekha kuseri uko," anatero a Kamtedza monyadira, akuloza kumbali kwa bango. "Sungamatitumikire chilichonse ngati tilibe manja."

Elube anayang'ana kakhasuko. "Mwakwirira?" anafunsa, koma mawu anatuluka ngati mpweya chabe.

"Wati?"

"Palibe, bambo."

Anatenga kakhasu, nazemba kupita kuseri kwa bango kuti akakwirire mwakachetechete. Anayang'ana uku ndi uku. Panali mapazi a a Kamtedza m'matope, opita ndi obwera, koma pomwe mapaziwo anathera panalibe dzenje. Panali udzu wosakhudzidwa. Anazungulira katatu. Ali mkati mofufuza, anamva kuzizira pakhosi. Atatukula maso, anaona chiperoni chikutsika kuchokera kuphiri, nkhungu yoyera ikumeza mitengo umodzi umodzi.

Achule, omwe anali kulira tsiku lonse, analeka onse pamodzi. Kunangoti zii.

Atabwerera kumadzi anapeza mayi Nangozo akusuzumira pansi pa miyala. "Elube, nsapato za abambowa wazisuntha?"

"Ayi, mayi."

"Nanga zapita kuti? Kuno kulibe galu, kulibe munthu."

"Zipezeka," anatero a Kamtedza akuyasamula. Anali atakhala pansi, nsungwi yawo ataizika m'matope. "Koma tulo take! Sindinamvepo tulo tokoma chonchi."

Elube anayang'ana pamadzi. Mphepo inkawomba kuchokera kuphiri, koma tizidutswa ta patapata tonse titatu tinkayenda molimbana nayo, pang'onopang'ono, kulowera mbali imodzi, kumbali kwa bango. Atacheuka, chipewa cha a Kamtedza, chomwe chinali pamutu pawo posachedwapa, panalibe. Iwo sanaonetse kuti adziwa.

Ndipo pambali pawo, moyandikana ndi thupi lawo, panagona bango lodulidwa kumene, madzi ake akadali kuchucha. Palibe aliyense wa iwo anali ndi mpeni. Elube analiyang'ana kuyambira kunsonga mpaka kutsinde. Bangolo linali lalitali ndendende ngati a Kamtedza. Anali ataonapo bango lotero kamodzi, tsiku lomwe adzukulu analowa m'nyumba kudzayeza bambo ake.

Pomwepo m'nkhungu munamveka khasu.

Khu. Khu. Khu.

Linkamveka mosafulumira, ngati la munthu wodziwa ntchito yake. Kenako linalowa lachiwiri. Kenako lachitatu.

"Alimi akuno amalima ndi nkhungu yomwe?" anafunsa mayi Nangozo, koma nthabwala inali itatha m'mawu awo. Anagwira mkono wa Elube. "Mwanawe, nkhope yako yasintha. Pali chomwe ukudziwa. Nena."

Elube ananena. Ananena za mudzi, za manda, za dzenje losagona lopanda mwini. Anadikira kusekedwa. Mayi Nangozo sanaseke.

"Ndiye unasungira chiyani mkamwa zonsezi?"

"Ndinachita manyazi, mayi."

"Manyazi! Mwanawe, ine ndinakulira pa mgodi, ndaika anthu ambiri. Ukuganiza kuti magalasiwa amaphimba makutu?" Anatembenuka kuti aitane amuna awo. "Bambo a Rute, dzukani tizipita!"

Pomwe panali a Kamtedza panalibe munthu. Panatsala nsungwi yozikidwa m'matope. Bango lija nalonso panalibe.

"Bambo a Rute!" anakuwa mayi Nangozo. Nkhungu inameza mawuwo osabweza kanthu.

Elube anayang'ana kumwamba. Dzuwa linkaoneka ngati kambale kotuwa, litapendekera kale pamwamba pa mitengo ya bulugama. Likangolowa kuseri kwa phiri, dzenje likhala litagona, ndipo siligona lokha. Ananyamula kakhasu.

"Titsatire makasuwo, mayi."

Analowa m'bango atagwirana manja. Masamba ankawacheka m'masaya, matope akuwagwira m'mapazi. Phokoso la makasu linkamveka kutsogolo, kenako kumanzere, kenako ngati pansi pa mapazi awo. Pansipansi pa phokosolo panali kena, ngati amayi ambiri akung'ung'udza nyimbo atatseka pakamwa. Elube anaidziwa nyimboyo, koma anakana kuikumbukira. Kawiri konse anaona m'nkhungu zinthu zoima ngati anthu owerama, koma akayandikira zinkakhala zitsa.

Bango linatha mwadzidzidzi, ndipo anatulukira pabwalo la udzu waufupi, pafupi ndi kanyumba kakugwa ka mlonda komwe bambo ake ankabisala mvula.

Dzenje linali pamenepo. Silinalinso dzenje la nyongolotsi. Linali lalitali ngati munthu, lakuya kufika m'chiuno, makoma ake osalala bwino, ndipo mbali zonse kunali milu ya dothi lofiira. Kumutu kwake kunali nsapato ziwiri zitaikidwa mwaulemu, chipewa pamwamba pake. Bango lija linagona m'mbali. Wokumba sankaoneka, komabe dothi linkatuluka m'dzenjemo pang'onopang'ono, n'kumagwera pamulu.

A Kamtedza anali atakhala pamlomo pa dzenjelo, miyendo ili lende m'kati, maso atatseka, akumwetulira.

Mayi Nangozo anathamanga, nawagwira lamba kumbuyo ndi manja onse awiri, n'kukhala pansi kuti alemere.

"Ndingogonako pang'ono, Nangozo," anatero a Kamtedza mwaulesi. "Ayala kale. Anthu akuno ndi aulemu."

"Iwe Yotamu!" Aka kanali koyamba Elube kumva mayiwo akuitana amuna awo ndi dzina. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndakuphikira, ndakuchapira maovolosi a girizi, lero undisiye m'dziko la eni ndi matemba awiri? Sulowa umu! Ukalowa, tilowa tonse, ndipo ukudziwa kuti ine ndimachita mkonono!"

Koma thupi la bamboyo linkasendera kutsogolo ngati wina akukoka miyendo, ndipo zidendene za mayi Nangozo zinayamba kulemba mizere m'dothi.

"Elube, chitapo kanthu!"

Kakhasu kamodzi sikakanatha kukwirira dzenje lotero dzuwa lisanalowe. Elube anaponya maso uku ndi uku, ndipo kuseri kwa kanyumba ka mlonda anaona masamba akuluakulu akugwedezeka. Zinali nthochi zomwe bambo ake anabzala ndi manja awo. Anathamangirako, nasankha thunthu lalikulu, natema patsinde. Anatema mpaka m'manja munatuluka matuza, madzi a nthochi akumuthovokera kumaso. Thunthu linagwa kuti phi! Anasadza masamba, naligwira kumutu n'kuyamba kukoka.

Linali lolemera ngati munthu. Anakoka mapazi asanu, nagwa. Anadzuka, nakokanso, nagwanso. Dzuwa linali litakhudza nsonga za mitengo. Atagwira kachitatu, thunthulo linapepuka mwadzidzidzi, ngati wina wanyamula kumbuyo. Anamva mapazi ena akuponda m'matope motsatana ndi ake. Sanacheuke. Anangoti chapansipansi, "Zikomo, agogo," napitiriza.

Atafika padzenje, anagwada, naomba m'manja katatu monga ankachitira bambo ake akamadutsa pamanda. Makasu anali kulirabe, nyimbo ija ikukwera. Anadziwa kuti mawu a m'ndowa sangamveke pano. Anakoka mpweya mpaka m'nthiti munapweteka.

"Eni malo!"

Mawuwo anawoloka damu lonse, nakagunda phiri, n'kubwerera. Akakowa anadzambatuka m'bango. Elube mwiniwake sanakhulupirire kuti atuluka mwa iye.

"Eni malo, ndine Elube, mwana wa malemu a Sikelo, mlonda uja! Bambo awa ndi mlendo, mwana wa kwanu konkuno wobadwira kutali. Sanadziwe mwambo chifukwa ine sindinawauze. Anakumba pofuna kundipeputsa ntchito. Wolakwa ndine! Dzenje lanu siligona lokha, nayu wogonamo. Wathuyu mutisiyire!"

Makasu analeka. Nyimbo inaduka pakati.

Elube anagubuduza thunthu la nthochi, ndipo linagwera m'dzenje kuti di! Anaponyamo bango lija, nsapato ndi chipewa.

"Nsapato za ku Bulawayo zimenezo," anadandaula mayi Nangozo akupuma mwabefu, "koma zipite, zipite!"

"Dothi loyamba aponye ndi amene anakumba," anatero Elube. Anatapa dothi naliika m'dzanja la a Kamtedza, koma zala zawo zinali zolefuka, dothi n'kutayikira pamwendo. Anayesanso, chimodzimodzi. Mutu wawo unali utagwera pachifuwa. Dzuwa linatsala kachidutswa kofiira pamwamba pa phiri.

Elube anaganiza za chinthu chimodzi chomwe bamboyu anayendera ulendo wonsewo. Anasendeza pakamwa pake pakhutu pawo, nakuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Bambo Kamtedza! Nsomba yadya mbedza yanu!"

Maso awo anatseguka. "Iti? Kuti?"

"Ponyani kaye dothi!"

"Dothi la chiyani? Nsungwi yanga ili kuti?"

"Ponya, iwe!" anakuwa mayi Nangozo.

A Kamtedza anatapa dothi lodzaza dzanja, naliponya mokwiya ngati munthu wochedwetsedwa pa ulendo. Linagwera pa thunthu la nthochi kuti waa. Nthawi yomweyo chomwe chinkawakoka chinawasiya, ndipo iwo ndi akazi awo anagwa chagada, miyendo m'mwamba.

Elube anayamba kukwirira ndi kakhasu, mayi Nangozo ndi manja. Koma dothi linkalowa mofulumira kuposa manja awo. Makasu aja anayambanso, tsopano mbali zonse, mopepuka, ngati anthu omaliza ntchito kuti azipita kwawo. Mphepo inawomba, nkhungu inang'ambika pakati, ndipo kuwala komaliza kwa dzuwa kunagwera pabwalopo. Panalibe milu, panalibe dothi lofiira. Panali kamalo kakang'ono ka dothi lakuda, kukula kwake ngati chikhatho. Elube anapondapo katatu ndi phazi.

Chule mmodzi analira. Anzake onse anamuyankha.

"Mwati nsomba," anatero a Kamtedza akudzuka, osakumbukira kanthu. "Nanga tikudikira chiyani?" Anauyamba ulendo wothamanga opanda nsapato, amayi awiriwo akuwatsatira. Elube anali kukonza kale mawu opepesera bodza lake.

Atafika kumadzi, anapeza nsungwi ija itapindika ngati uta, twaini ili gwa, ikucheka madzi uku ndi uku.

"Musakoke mwamphamvu!" anafuula Elube. Tsopano mawu ankangotuluka okha. "Isiyeni itope! Bwererani m'mbuyo! Kwezani! Kwezaninso!"

A Kamtedza analowa m'madzi mpaka m'mawondo, buluku lonse matope okhaokha. Anaterereka, nadzuka, osasiya nsungwi. Pamapeto pake chinatuluka chimlamba chakuda, chandevu zake, chachitali ngati mkono wa munthu wamkulu, n'kumadzimenyetsa paudzu. Bamboyo anachigwera ndi thupi lonse, nachikumbatira ngati mwana.

"Nangozo! Bwera udzaone ya m'chitini!"

Mayi Nangozo anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa, misozi ikutsika pansi pa magalasi. A Kamtedza anayang'ana madziwo kwa kanthawi, nati chapansipansi, "Bambo, ndakola kwanu."

Asananyamuke, Elube anatsuka kakhasu kaja mpaka kuwala. Pamkuyu panalibe munthu, ndipo kambale kake panalibenso. Anatsamiritsa kakhasuko patsinde, naomba m'manja, napitirira. A Kamtedza anayenda ulendo wonse atavala patapata wa Elube, zidendene zili panja. M'minibasi kondakitala anayang'ana mlambawo, nafunsa, "Madala, ameneyu akhala pampando kapena mumufukata?" Anthu onse anaseka, ndipo a Kamtedza anafotokoza nkhani ya nsomba yawo katatu asanafike ku Limbe, nsombayo ikukulirakulira. Mayi Nangozo sanatsutse. Anangogwira dzanja la Elube njira yonse.

Lamulungu mlambawo unadyedwa ndi resithausi yonse. A Makwinja atamva kuti alendo akola nsomba pafupi chonchi, anati aliyense wofunsa za kuwedza azimupereka kwa Elube. Tsiku lomwelo anyamata awiri ochokera ku Lilongwe anafunsa za damulo. Elube anaika chikolopa pansi, nawayang'ana m'maso.

"Ndikuperekezani. Koma choyamba mumve ichi: ku Nansenjere ukakumba, umakwirira."

Mmodzi anayamba kuseka. Mayi Nangozo, omwe anali kumwa tiyi pakhonde, anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Lolemba m'bandakucha, tsiku lonyamuka alendo, Elube anatsegula chitseko cha kukhonde lomwe analikolopa madzulo. Pakhomo penipeni panali kambale kake kachitsulo, kotsukidwa bwino, katavundikiridwa. Atakavundukula anapeza mbatata ziwiri.

Simenti yonse inali yoyera monga anaisiyira. Koma m'mphepete mwa khoma munali mapazi a dothi lofiira, zala zokhazokha, obwera ndi obwerera, a munthu yemwe anayenda monyang'ama kuti asaponde pomwe Elube anakolopa.